Mwana Amene Sadametedwe pa Maliro a Amake

Zakariya ndi Madalena, ana anga, nkhani iyi ndikuilemba pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti mwezi watha Esinta wa ku Cassacatiza adandiimbira foni. Tsopano ndi mayi wa mwana mmodzi. Adati za tsiku limene adametedwa tsitsi akukumbukira kuzizira kwa lumo pamutu basi, nkhope za anthu zidamuthawa, ndipo akufuna kudziwa amene adalipo. Ndidamulonjeza kuti ndimulembera mayina onse. Chachiwiri n'chakuti kumeneko nkhaniyi amaikamba mokhota mpaka lero: amati mayi wa kuchipatala adalowa pamudzi pa eni ake n'kulengeza maliro kwa mwana ngati akulengeza tsiku la katemera. Sizidayende choncho. Inu mudakulira kwa mayi anu aang'ono ku Tete ine ndili kutali, ndipo ntchito imene idandichotsa pakati panu simudaionepo. Ndi bwino muimve kwa ine mwini, tsopano pamene ndapuma pantchito ndipo mutu wanga ukadali bwino.

Nsadzo, zaka zoyamba

Ntchito ndidayambira ku Nsadzo nkhondo itatha, anthu akubwerera kuchokera ku Zambia ndi ku Malawi atasenza mabulangete ndi mapoto a m'misasa ya othawa kwawo. Ndidali namwino wachitsikana. Chipatala chidali cha zipinda ziwiri, ndipo chipinda chachiwiricho ndi momwe ndinkagona. Shefe wanga woyamba, mkulu wa chipatalacho, a Kalisito, adali munthu wachifundo koma wokonda kachasu. Mankhwala akatha ankandiuza kuti, "Dona Firimina, lero muchiza ndi nkhope." Nkhope yanga si yochizira munthu, inunso mukudziwa.

Kumeneko ndidayamba kuona ana amene sindinkadziwa chowachitira. Mwana wodandaula m'mimba mwezi wonse, koma alibe njoka, alibe malungo. Mwana wamkulu ndithu wokodzera pamphasa. Mwana wothawira kunsi kwa benchi mota, njinga yamoto ija, ikaphulika utsi pamsewu. Makolo ankati ndi mwano kapena ufiti, ine ndinkapereka mapilitsi a mutu n'kuwabweza, mtima wanga usakukhutira. Chifukwa cha ana amenewa ndidapempha kubwerera ku sikola ya zaumoyo kukaphunzira za matenda a maganizo, ndipo ndidabwerako ndili tekinika wa ntchito imeneyo.

Mualadzi, zaka za umasiye

Adanditumiza ku Mualadzi, ndipo chaka chachiwiri ndili kumeneko bambo anu adamwalira. Ndidakuuzani tsiku lomwelo, nonse awiri, ndi mawu osazungulira. Azakhali anu adandinena kuti ndine wouma mtima, kuti ana sauzidwa zotere. Ndidawayankha kuti bambowo adali anu, si awo okha. Maliro atatha ndidakusiyani ku Tete chifukwa cha sikola, ine n'kubwerera ndekha.

Ku Mualadzi ankanditcha Dona wa amisala. Palibe amene ankafuna kuonedwa akulowa pakhomo panga, kuopa kuti anthu anganene kuti m'banja mwake mwalowa misala. Pamjigo amayi ankandipatsa malo mwaulemu kuti nditunge msanga ndichoke, nkhani zawo zipitirire. Kutchalitchi benchi yanga inkakhala ndi malo mbali zonse ziwiri. Lamulungu masana ndinkasita mayunifomu anga onse, ngakhale osita kale, kuti dzuwa lipendeke.

M'zaka zimenezo idabwera ntchito yoyendera masikola kukafufuza ana amene ali ndi mavuto a mumtima ndi a khalidwe, kuti athandizidwe asanakule nawo. Adaibweretsa shefe wa kudisitirito, a dotolo Heniriki, mnyamata wanzeru wobadwira mumzinda, wokonda kuti malipoti afike pa nthawi yake. Adatipatsa pepala la mafunso la m'Chipwitikizi. Mapepalawo adatha nyengo yoyamba yomwe, mafuta a mota ankabwera mwa apo ndi apo, choncho mafunso ndidawasunga pamtima ndipo masikola ambiri ndidawafika panjinga yopalasa.

Sipadatenge nthawi kuti ndione povuta. Pepala linkafunsa ngati mwana amapewa kuyang'ana munthu m'maso ndiponso ngati amalankhula pang'ono. Kwathu kuno mwana woleredwa bwino amagwada, amayang'ana pansi, amayankha kuti "inde" basi. Ndikadatsata pepala lokha, disitirito yonse ikadakhala yodwala. Aphunzitsi nawonso, ndikawapempha ana ovutika, ankanditumizira ana ovuta: omenya anzawo, othawa m'kalasi, otukwana. Mwana wovuta ndi mwana wovutika si mmodzi nthawi zonse. Ndiye ndidakhazikitsa lamulo langa: ndiona kalasi yonse, mwana aliyense payekha, ndipo palibe wogwada. Ndinkayala mphasa pamthunzi n'kuika lichero la mtedza wosaswa pakati pathu. Mwana manja akatanganidwa ndi kuswa mtedza, maso ali palichero, pakamwa pamamasuka pokha. A Heniriki ankati njira yangayo ndi yochedwetsa. Idalidi yochedwetsa.

Cassacatiza, chaka chimene ndidakumana ndi Esinta

Patapita zaka adandisamutsira ku Cassacatiza, pamalire ndi Zambia, kumene makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu aja, amandanda m'mbali mwa msewu kudikira mapepala awo. Kanyumba kanga kadali pafupi ndi msewu, ndipo fumbi la makamiyauwo ndilo linkandichezera.

Pa sikola ina chakumudzi ndidapeza apulofesola Bonifasiyo, mphunzitsi wa kalasi yachitatu, munthu wowonda wokonda nthabwala. Adali atandandalika kale anyamata panja.

"Dona Firimina, ndakusankhirani akatswiri anga. Uyu amamenya, uyu amadya choko, uyu amaluma. Mukawachiza, mundichizenso ine."

"Ndiona onse, apulofesola. Nanga uyo wakhala pawindo atafunda duku kutentha konseku?"

"Esinta? Uyo ndiye mngelo wathu. Salongolola, sakangana ndi munthu, sapempha n'kupita kuchimbudzi komwe. Onse akadakhala ngati iye, ine ndikadanenepa."

Adaseka, koma maso awo adathawa anga.

Esinta adali wa zaka zisanu ndi zinayi. Adafika pamphasa n'kugwada, ndidamuuza kuti akhale, n'kumukankhira lichero. Ankaswa mtedza mosamala, osadyako ngakhale umodzi. Duku litasendera kumbuyo ndidaona tsitsi lake. Lidali loluka, koma loluka kalekale: mizere idali itatukuka, tsitsi latsopano litamera pansi pake n'kupotana ngati chingwe chonyowa. Azisuweni ake awiri a m'kalasi momwemo adali ndi tsitsi lalifupi, longomera kumene.

"Adakuluka ndani?"

"Amayi."

"Adaluka bwino. Bwanji sunamasule kuti akulukenso?"

"Adati adzandimasula okha akabwera."

"Adapita kuti?"

"Ku Zambia, kukagula zitenje."

Ndidafunsa ngati amagona bwino, adati amadzuka kukamva kamiyau. Ndidafunsa za anzake osewera nawo, adati safuna kusewera naye, akafika amabalalika. Ndidafunsa chimene amachita akaweruka, adati amapita kumsewu kukafunsa madalaivala ngati adawaona amake. Kenako adakweza maso, kuyang'ana ine koyamba, n'kunena mosangalala kuti, "Amalume a kamiyau yofiira adati akadzadutsanso adzanditenga, tikawafune limodzi."

Ana atapita ndidawaitana a Bonifasiyo. Nthabwala zidawathera. Adandiuza kuti mayi a mwanayo, a Rozina, adamwalira pobereka miyezi ingapo m'mbuyomo, khanda lomwe silidakhale. Pa nthawiyo Esinta adali atatumizidwa kwa achibale kumudzi wina. Adabwerera maliro atatha, n'kupeza abale onse atameta mipala monga mwa mwambo wa maliro, ndipo adamuuza kuti pakhomo padagwa nsabwe. Iye sadamumete, chifukwa kumumeta kukadakhala kumuuza. Bambo ake adasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Ana a m'mudzi adaopsezedwa kuti woulula adzakwapulidwa, ndipo njira yosavuta kwa mwana yosungira chinsinsi ndi kumuthawa mwini wake.

"Inu mukudziwa kuti amapita kumsewu?"

"Ndikudziwa, Dona. Koma ine ndine mlendo pano ngati inu nomwe. Mbumba ili ndi mwini wake."

Mwini mbumbayo adali a Juliyasi, mlongo wake wa malemu, amalume a Esinta. Adakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, ndipo ankanditchula kuti Madamu. Adandilandira bwino, adandipatsa mpando, adamvetsera mpaka ndidamaliza. Mng'ono wa malemu, a Felisita, amene ankamulera Esinta, adakhala pakhonde akusankha nyemba osakweza mutu.

"Madamu, mwana uja ndi amake adali ngati munthu mmodzi. Akauzidwa alira, aziitana amake dzina usana ndi usiku, ndipo womwalira akaitanidwa amabwera. Ndataya mlongo, ndataya khanda. Mukufuna nditayenso uyu?"

"Mumutaya pamsewu, bambo. Pali dalaivala amene wamulonjeza kumutenga."

"Madalaivala amangolankhula. Ine bambo anga atafa kunkhondo adandiuza ndili msinkhu womwewo, pamzere wolandira ufa. Sindidadye mlungu wonse. Uyu akakula amva yekha, mtima utakhwima."

Sadali munthu woipa. Ankamukonda mwanayo, ndipo mantha ake adali enieni. Ndikubwerera, a Felisita adandipeza panjira atanyamula ndowa yopanda madzi.

"Dona, ine ndatopa kunama. Dzulo wandifunsa ngati ku Zambia kulibe mafoni. Koma achimwene akakana, ine ndingatani?"

Adandiuzanso kuti akatha kukolola kudzakhala kumeta kwachiwiri, kumene kumatsiriza maliro, ndipo adakonza zomutumizanso Esinta kwa achibale aja kuti asaone.

Ndidawaimbira a Heniriki. Adati, "Dona Firimina, ntchito yathu ndi kupeza ana ndi kuwatumiza. Lembani kuti apite ku Tete akaonedwe, mwina akampatse mankhwala ogonetsa. Za miyambo si zathu." Ndidawafunsa kuti mankhwalawo ndi ochiza chiyani, popeza mwanayo sadali kudwala koma kudikira. Adati, "Kukabwera dandaulo, sindidzatha kukuikirani kumbuyo." Ndidawathokoza pondiuza zoona.

Ndidabwerera kwa a Juliyasi n'kuwauza maganizo anga poyera, kuti pasadzakhale wonena kuti ndidachita mobisa. Ndidati sindidzamuuza mwanayo za imfa ya amake, chifukwa mawu amenewo ndi a m'mbumba, si a kuchipatala. Koma tsiku limene adzandifunse, sindidzamunamiza. Ulendo umenewo mpando sadandipatse.

Kuyambira pamenepo ndinkaonana ndi Esinta mlungu uliwonse pamphasa paja. Madzulo ndikaweruka ndinkayenda m'mbali mwa mzere wa makamiyau ngati wopita kokagula sopo. Ndinkamupeza ataima patali ndi ana ogulitsa mazira, atakumbatira kachitenje komanga mfundo, ndipo ndinkamuperekeza mpaka pamphambano ya kwawo. Sitinkalankhula zambiri. Kunena zoona, chaka chimenecho munthu amene ndidayenda naye kwambiri adali iyeyo.

Cassacatiza, atatha kukolola

Tsiku la kumeta kwachiwiri lidagwa Loweruka. Esinta adali atatumizidwa kale kwa achibale. M'mawa ndikuchapa, a Bonifasiyo adafika panjinga thukuta lili kamukamu, n'kundiuza kuti mwanayo wathawa kumene adamutumiza, ndipo kumsewu kwaima kamiyau yofiira. Ndidathamanga ndi thovu m'manja, ine amene simudandionepo ndikuthamanga.

Ndidamupeza atakhala kale m'kati, kutsogolo, kachitenje kake pamiyendo. Dalaivala adali ku ofesi ya pamalire ndi mapepala. Sindikudziwa ngati adali munthu wachifundo wopanda nzeru kapena munthu wa zolinga zina, ndipo sindidadikire kuti ndidziwe. Ndidakwera pachitsulo chopondera n'kutsegula chitseko.

"Esinta, tsika."

Adatsika, chifukwa adali mwana womvera. A Bonifasiyo adatsala kuti alankhule ndi apolisi a pamalire za dalaivalayo. Ine ndidamugwira dzanja n'kuyamba kuyenda. Titapitirira mashopu adaima.

"Dona, inu mumagwira ntchito kuchipatala. Amayi popita adali ndi mimba yaikulu. Munthu wa mimba amapita kukagula zitenje?"

Pamenepo ndi pamene padali chisankho changa. Ndikadatha kumubweza kwa achibale aja mwakachetechete, mwambo n'kutha bwino, ntchito yanga n'kukhala pamtendere, kamiyau yofiira n'kudzadutsanso mwezi wotsatira. Ndikadathanso kumuuza pomwepo pamsewu, mwana n'kumva imfa ya amake kwa mlendo, pakati pa fumbi. Zonse ziwiri ndidazikana.

"Funso limenelo ayankhe ndi amalume ako, ndipo ayankha lero. Ine ndikhala pomwepo."

Tidalowa pamudzi anthu atasonkhana, mowa uli m'mitsuko, ena atayamba kale kumetedwa. Phokoso lidazima. A Juliyasi adaimirira nkhope itachita mdima, koma ndidawauza motsitsa mawu kumene ndidamupeza mwanayo ndi chimene adandifunsa. Adayang'ana kachitenje kaja nthawi yaitali. Kenako adapempha alendo kuti apitirize, natitengera ochepa kuseri kwa nkhokwe.

Adayamba kundikalipira kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu. A Felisita, amene sindidawamvepo akutsutsa achimwene awo, adawadula mawu.

"Achimwene, lero akadawoloka malire. Tikadameta maliro a anthu awiri tsiku limodzi. Muuzeni, kapena ndimuuze ine."

A Juliyasi adakhala pansi padothi, kufanana msinkhu ndi mwanayo. Mawu adawavuta, adayamba kangapo n'kulekeza.

"Esinta, mwana wa mlongo wanga. Amayi ako, a Rozina, sadapite ku Zambia. Adamwalira kuchipatala, pamodzi ndi khanda. Tidawaika m'manda iwe kulibe. Tidakunamiza ndife, ine makamaka."

Esinta sadalire msanga. Adayang'ana mitu ya anthu mmodzimmodzi.

"Ndiye sizidali nsabwe?"

"Sizidali nsabwe."

"Ndiye sabwera kudzandimasula?"

"Sabwera, mwanawe."

Adavula yekha duku n'kukakhala pakati pa miyendo ya a Felisita, monga amakhalira mwana wolukidwa. A Felisita adayesa kumasula ndi zala, koma tsitsi lidali litagwirana, silikadatheka. Adatenga sizasi, kenako lumo. Luko loyamba litagwera pachitenje, Esinta adalitola, adaliyang'ana, ndipo pamenepo ndi pamene adafuula kuitana amake. A Bonifasiyo, amene adali atangofika, adandiuza pambuyo pake kuti chaka chonse adali asanamvepo kukula kwa mawu a mwanayo. Kuitanako ndiko kumene a Juliyasi ankaopa, koma sadamuletse. Adamugwira mapazi mpaka kumeta kudatha.

Zotsatira zake ndizifotokoza mwachidule. Esinta adalira milungu ingapo, adaonda, kenako adayamba kudya. Kumsewu sadapitenso. Anzake adabwerera kwa iye, popeza padalibenso choopa kuulula. Tsiku lina a Bonifasiyo adandidandaulira kuti mngelo wawo wamenyana ndi mnzake chifukwa cha chingwe chodumpha, ndipo ndidawauza kuti imeneyo ndi nkhani yabwino. Akuluakulu ena a m'mbumba adakadandaula kudisitirito kuti ndidasokoneza mwambo wa maliro. A Heniriki adachita monga adanenera: mvula isanagwe adandibwezera ku Mualadzi, kumene ndidakhala mpaka kupuma pantchito. A Juliyasi sadandipatsenso moni, ndipo sindiwasungira kanthu, chifukwa mawu ovuta aja adawanena ndi iwo, si ine. Tsiku lochoka adandiperekeza a Bonifasiyo okha, atanyamula sutikesi yanga panjinga. Lichero la mtedza ndidawasiyira iwo.

Madalena, ukadzalemba bwino masamba awa, lomalizali umutumizire Esinta. Esinta, amene adalipo kuseri kwa nkhokwe tsiku limenelo ndi awa:

A Juliyasi, amalume ako, amene adakuuza ndi pakamwa pawo.

A Felisita, mayi ako aang'ono, amene adagwira lumo.

A Nabanda, akazi a amalume ako, amene adabweretsa madzi ofunda m'beseni.

Azisuweni ako awiri a m'kalasi mwako, Luka ndi Maliya, amene adasuzumira pakona ya nkhokwe ndipo palibe adawathamangitsa.

Apulofesola Bonifasiyo, amene adafika mochedwa n'kuvula chipewa.

Ine Firimina, nditaima chapatali pang'ono, chifukwa sindidali wa m'mbumba.

Iwe Esinta.

Ndi amayi ako, a Rozina. Dzina lawo lidatchulidwa pamaso pako tsiku limenelo koyamba chimwalirireni, ndipo tsitsi limene lidagwera pachitenje adaluka ndi iwo. N'chifukwa chake ndawalemba pamodzi ndi ena onse.